Mayi Mary Livingstone: Mwana wa Abusa Amene Anakayika Ngati Pemphero Limamveka

Palibe mwana wa sukulu muno m'Zambia amene sadziwa dzina la David Livingstone. Tili ndi mzinda wotchedwa dzina lawo, ndipo ambirife tinaphunzitsidwa kuti pa 1 Meyi 1873 anyamata awo anawapeza atamwalira chogwada pambali pa kama, m'dziko la mfumu Chitambo, ngati munthu amene imfa yamupeza ali pakati pa pemphero. Nkhani imeneyi timaikonda chifukwa ndi yokoma kulalikira. Koma bambo amenewa anali ndi akazi awo, ndipo za mayiwo sitimva kawirikawiri pa guwa. Mwina chifukwa chake n'chakuti moyo wawo sulalikika mosavuta. Anali mwana wa abusa, mkazi wa mmishonale, mphunzitsi wa ana ndi wa atsikana, komabe panafika zaka zina pamene anayamba kukayika ngati pemphero limafika kwina kulikonse, kapena limangothera pa denga la nyumba.

Amayi anzanga a Chigwirizano, funso limeneli si la azungu okha, kapena la anthu ophunzira kwambiri okha ayi. Ana a ku sekondale amalifunsa poyera, makamaka akayamba kukhwima pa sayansi: kodi Mulungu alipodi, kapena ndi maganizo chabe amene anthu anadzipangira kuti azidzitonthoza nawo? Ife akuluakulu sitifunsa mokweza. Koma muno mu George, pa maliro a mwana amene tinachezera usiku wonse kumupempherera, nyimbo zikatha ndipo moto ukazilala, funso lomwelo limakhala nafe pamphasa. N'chifukwa chake ndasankha kuti tione moyo wa Mayi Mary Livingstone, osabisa zowawa zake.

Mayi Mary anabadwa pa 12 Epulo 1821 ku Griquatown, m'dziko limene lero ndi South Africa. Anali mwana woyamba wa Robert ndi Mary Moffat, amishonale a bungwe la London Missionary Society. Anakulira ku Kuruman pakati pa Atswana, ndipo Chitswana anachiyamwira pamodzi ndi Chingelezi. M'nyumba mwawo Mawu a Mulungu anali ngati nsima ya tsiku ndi tsiku, pakuti bambo awo anatha zaka zambiri akumasulira Baibulo m'Chitswana, ntchito imene inatha mu 1857. Anaphunzira za uphunzitsi ku Cape Town, nakakhalako ku Britain ndi makolo awo kuyambira 1839 mpaka 1843, kenaka anabwerera ku Kuruman kukaphunzitsa ana aang'ono. Ngati panali mtsikana amene sitikanayembekezera kuti adzakayika za Mulungu, anali ameneyu.

Mu Febuluwale 1844 mkango unagwira a Livingstone ku Mabotsa n'kuwaphwanya mkono wamanzere. Anapita ku Kuruman kukachira, ndipo kumeneko ndiko anafunsira mbeta. Ukwati unachitika mu Januwale 1845. M'makalata olembera anzawo mkwatiyo sanabise kuti chimene anaona mwa namwaliyo sichinali kukongola, koma mphamvu ndi kudziwa moyo wa kumidzi. Anapezadi zimene ankafuna. M'zaka zitatu zoyamba banjali linakhala malo atatu: Mabotsa, Chonuane, ndipo mu 1847 Kolobeng, kufupi ndi kumene lero kuli mzinda wa Gaborone ku Botswana. Kumeneko Mayi Mary ankaphika buledi m'chulu chobowola, kupanga okha sopo ndi makandulo, kusokera banja lonse, ndipo akatha zimenezo ankaphunzitsa ana ofika 60 kapena kuposa apo. Atswana anawatcha Mma-Robert, ndiko kuti Amake Robert, monga momwe ifenso timaitanirana ndi dzina la mwana woyamba.

Ku Kolobeng ndiko kumene mkangano wa pemphero unawapeza, ndipo unabwera ndi chilala. Mfumu ya Abakwena, Sechele, inali munthu wanzeru kwambiri, koma inalinso sing'anga wamkulu wa mvula wa anthu ake. Itabatizidwa mu Okutobala 1848, inataya mankhwala a mvula, nibwezera kwawo akazi ake onse kupatula mmodzi. Chilala chimene chinali chitayamba kale chinangokulirakulira. A Livingstone analemba kuti pa zaka ziwiri mvula yonse imene inagwa sinakwane mainchi 10. Mtsinje wa Kolobeng unauma, nsomba zinafa milumilu mpaka afisi analephera kuzimaliza, ndipo ngalande imene anakumba kuti azithirira minda inasanduka fumbi. Amayi a m'mudzimo anagulitsa mikanda yawo kuti agule chakudya kwa mitundu ina, ana namayendayenda m'tchire kufukula mizu. Nawonso ana a Mayi Mary anaphunzira kudya dzombe ndi achule. Madzi ankachita kufukula mumchenga wa mtsinje, tsiku lililonse kukumba mozamirapo.

Anthu ankabwera kudzachonderera kuti mfumu iloledwe kuitana mvula kamodzi kokha, nalonjeza kuti ikagwa, onse adzabwera ku sukulu ndi ku mapemphero. Ankaona mitambo ikukhuthula madzi pa mapiri akutali, nanena kuti anansi awo amene sapemphera akulima, pamene mudzi umene unalandira Buku ukupsa. M'buku lawo la mu 1857 a Livingstone analemba momwe ankatsutsirana ndi asing'anga a mvula, ndipo tiwayamikire kuti sanachepetse mfundo za otsutsana nawowo. Iwo ankati mvula ndi ya Mulungu yekha, ndipo sing'anga amangodikira mitambo ibwere kuti atenge ulemu. Sing'anga ankayankha kuti nayenso amapempha Mulungu yemweyo, koma kudzera m'mankhwala. Kenaka ankawabwezera mpeni wawo womwe: dokotala naye amapatsa wodwala mankhwala, wina amachira, wina amafa, akachira dokotala amatenga ulemu, akafa sataya mankhwala ake. Nanga iye atayirenji ake chifukwa chakuti chaka china mvula yakana? A Livingstone anavomera kuti sanathe kugonjetsa ngakhale munthu mmodzi pa mkangano umenewu.

Ine ndimaona kuti sing'angayo anagwira pamalo poopsa, ndipo munthu wosakhulupirira wa lero amatigwira pomwepo. Iye amati ife timawerenga mapemphero oyankhidwa n'kuiwala osayankhidwa, monga wotchova juga amakumbukira tsiku limene anapambana. Pa 18 Okutobala 2015 dziko lino linasonkhana kupempherera chuma, kwacha itagwa kwambiri, ndipo ena anatiseka m'manyuzipepala. Mu 2024 tinapempherera mvula, chimanga chikufota m'minda, mpaka pa 29 Febuluwale boma linalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko; madzi a ku Kariba anatsika, ndipo tinakhala mu mdima nthawi zina maola oposa 20 pa tsiku. Ngakhale asayansi anayesapo kupima pemphero. Mu 1872 Francis Galton wa ku England anawerengera zaka za mafumu a kwawo, amene ankapemphereredwa m'matchalitchi onse sabata iliyonse, napeza kuti sankakhala moyo wautali kuposa anthu ena olemera. Mu 2006 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa odwala mtima 1,802 amene anachitidwa opaleshoni, ndipo amene anapemphereredwa ndi magulu a anthu osawadziwa sanachire bwino kuposa anzawo. Zinthu zimenezi sindizibisa kwa ana amene ndimaphunzitsa, chifukwa adzazipeza okha pa foni, ndipo akadzaona kuti tinawabisira adzaganiza kuti tinkaopa.

Chimene zimaonetsa n'chakuti pemphero si mankhwala. Sulithira apa kuti mvula ituluke apo. Tikamaliphunzitsa ngati mankhwala, monga amachitira ena ogulitsa timabotolo ta mafuta ndi madzi odzozedwa m'makomboni athu ano, ndiye kuti taima mbali ya sing'anga wa mvula, ndipo tsiku limene mankhwalawo adzakana, chikhulupiriro cha munthuyo chidzagwa nawo pamodzi. Kupempha ndi kulankhula ndi Wina amene ali ndi chifuniro chake, amene angathe kuvomera, kukana kapena kukhala chete. Komatu kunena izi n'kosavuta pamene wakhuta. Mayi Mary anayenera kuzisenza pa thupi lawo.

Mu 1850 a Livingstone anatenga banja lonse pa ngolo ya ng'ombe kudutsa chipululu cha Kalahari kupita ku nyanja ya Ngami. Mayi Mary anali ndi pakati, ndi ana atatu aang'ono: Robert, Agnes ndi Thomas. Ana anadwala malungo, nabwerera. Atangofika ku Kolobeng anabereka mwana wamkazi, Elizabeth, amene anakhala masabata 6 okha n'kumwalira ndi matenda a m'chifuwa. Mayiwo anafa mbali imodzi ya nkhope. Chaka chotsatira, 1851, ali ndi pakati penanso, ananyamukanso ulendo womwewo, ngakhale amayi awo ku Kuruman analembera mkamwini wawo kalata yaukali yomuletsa. Panjira wowatsogolera anasokera n'kuwasiya, madzi anatha, ndipo kwa masiku angapo ana ankalira ndi ludzu. A Livingstone anachitira umboni kuti akazi awo sanatulutse liwu limodzi lowadzudzula, misozi yokha ndiyo inkalengeza m'maso. Ambiri amawerenga zimenezi ngati chitamando. Ine ndikaziwerenga ndimachita mantha, chifukwa ndikudziwa kumene mawu osanenedwa amapita. Sauluka ayi, amakhala m'kati n'kumavunda.

Anafika ku mtsinje wa Chobe, kwa Sebetwane mfumu ya Makololo. Mayi Mary anatsala pa msasa pamene amuna awo ndi mnzawo William Cotton Oswell anapitirira kukaona Zambezi kufupi ndi Sesheke mu Ogasiti 1851. Apa ndipo pamene mayiwa anayandikira kwambiri dziko lathu lino. Pobwerera anaberekera m'tchire mwana wamwamuna, amene anamutcha Oswell. A Livingstone tsopano mtima wawo unali pa Zambezi, ndipo anaona kuti banja likuwachedwetsa. Pa 23 Epulo 1852 anakweza akazi awo ndi ana anayi sitima ya pamadzi ku Cape Town, nawauza kuti adzaonana pakapita zaka ziwiri. Zinapita zaka zinayi ndi theka.

Amayi amene amuna awo anapita ku Joni kapena ku migodi atalonjeza kuti abwera Khirisimasi ikubwerayi adzamvetsa gawo ili popanda kuwamasulira. Mayi Mary anali mwana wa mu Africa. Britain linali dziko lachilendo, lozizira, lopanda mnansi. Anayamba kukhala ndi apongozi awo ku Hamilton ku Scotland, koma pasanathe chaka anayambana koopsa, nachoka ndi ana. Anayendayenda m'zipinda za lendi ku London, ku Manchester, ku Kendal ndi ku Epsom. Ndalama zimene bungwe la mishoni linkawapatsa sizinkakwana, ndipo makalata awo opempha kuti awonjezeredwe kangachepe alipo mpaka lero. Makalata a amuna awo ankatenga miyezi yambiri kuti afike, ndipo panali nthawi yaitali imene sankadziwa ngati ali mkazi wa munthu kapena wamasiye. Pamene a Livingstone ankafika ku Luanda mu 1854, ku Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855 ndi ku Quelimane mu 1856, dzina lawo likumveka m'matchalitchi onse, akazi awo anali kudwala ndi kuwerenga timakobidi. Amene anawatola anali a banja la Braithwaite ku Kendal, a mpingo wa Quaker, anthu a mpingo wina. Anawalowetsa m'nyumba, kuwadwazika, ndi kusamalira ana.

M'zaka zomwezo ku Ulaya kunali mphepo ya chiphunzitso chatsopano. Mu 1841 Ludwig Feuerbach wa ku Germany analemba buku lonena kuti si Mulungu amene analenga munthu, koma munthu ndiye analenga Mulungu: amatenga zokhumba za mtima wake, chikondi, chilungamo ndi moyo wosatha, n'kuziponya kumwamba, kenaka n'kuzigwadira. Bukulo linatuluka m'Chingelezi mu 1854, Mayi Mary ali komweko. Mfundo imene mwana wa sekondale amabwera nayo lero, akuganiza kuti ndi yatsopano, ndi yomweyi. Koma kukayika kwa mayiwa ine ndimaona kuti muzu wake sunali m'mabuku. Anali ataona mtsinje ukuuma anthu akupemphera, anali ataika mwana m'manda, ndipo zonse zimene anataya anauzidwa kuti akuzitaya chifukwa cha ntchito ya Mulungu. Munthu wotere akafunsa ngati kumwamba kuli womva, si kuti akufuna kuoneka wanzeru.

Ndipo moyo wawo womwewo umandipatsa choyankha kwa Feuerbach. Wosema fano amalisema momwe akufunira. Mtima wa mayi ukanakhala kuti ndiwo unapanga Mulungu, ukanapanga mulungu wogwetsa mvula pa nthawi yake, wosunga makanda, wobweza amuna kunyumba. Mulungu amene Mayi Mary analimbana naye sanali wotero. Ankakana, ankachedwa, ndipo sankapindika. Zinthu zongoganizira sizikaniza chotero. Sindinena kuti mfundo imeneyi imatseka pakamwa pa wosakhulupirira, chifukwa adzayankha kuti anthu amalotanso zoopsa, osati zokoma zokha. N'chifukwa chake mtumwi Paulo, mu 1 Akorinto 15, sanaike nkhaniyi pa zimene timamva mumtima kapena pa kuchuluka kwa mapemphero oyankhidwa. Anaiika pa chinthu chimodzi chochitika pa malo ndi pa tsiku lodziwika: kuuka kwa Khristu, ndi mboni zoposa 500 zimene ambiri a iwo anali akali moyo pamene ankalemba, zoti munthu akanatha kukazifunsa. Ngati chimenecho chinachitika, pemphero lili ndi kopita ngakhale mvula isagwe.

A Livingstone anabwerera ku Britain mu Disembala 1856 ali munthu wotchuka. Pa madyerero owalemekeza akuluakulu ankatamanso akazi awo, iwo atakhala phee. Anatsimikiza mtima kuti sadzasiyidwanso. Mu Malichi 1858 ananyamuka limodzi pa ulendo waukulu wa ku Zambezi, ndipo sitima yaing'ono ya ulendowo inatchedwa Ma-Robert, dzina lawo lija. Koma ali panyanja zinadziwika kuti ali ndi pakati, ndipo anatsitsidwa ku Cape Town. Anakaberekera kwa makolo awo ku Kuruman mu Novembala 1858 mwana wamkazi, Anna Mary, ndipo bambo wake anamva za kubadwa kwake patapita pafupifupi chaka. Dzina linapita ku Zambezi, mwini dzina n'kubwerera ku Scotland yekha ndi ana.

Zaka za 1859 mpaka 1861 ndizo zinali za mdima weniweni. Mwana woyamba, Robert, anali atayamba kuvuta, sukulu iliyonse ikumulephera. Mayi Mary anayamba kulankhula mowawidwa mtima za amishonale ndi za chipembedzo chimene anakuliramo, ndipo anayamba kumwa mowa waukali. Zimenezi tikuzidziwa makamaka kuchokera kwa James Stewart, mnyamata wa mpingo wa Free Church of Scotland amene anayenda nawo pa sitima mu 1861, ndipo nthawi zina ankachita kuwathandiza atamwa kwambiri. Anthu opemphera a ku Cape Town anaona awiriwa ali limodzi, nayamba miseche yoti pali chibwenzi. A Livingstone sanaikhulupirire misecheyo, koma za kukayika kwa akazi awo ankadziwa, ndipo anawalembera mawu oyesa kuyankha mafunso awo. Ndikaganiza za nthawi imeneyi ndimadzifunsa kuti mayi wotere akanakhala wa m'dera lathu, wosiya kubwera ku Chigwirizano, womveka fungo la kachasu masana, tikanamuchita chiyani. Ndikuopa kuti ambirife tikanafulumira kukamunena kwa akulu a mpingo tisanalowe m'nyumba mwake kuona ngati muli ufa.

Anafika pa mathiriro a Zambezi kumapeto kwa Januwale 1862, atasiya Anna Mary wa zaka ziwiri ku Scotland. Pamodzi nawo panali amayi ena awiri: mlongo wake wa Bishopu Charles Mackenzie, ndi mkazi wachitsikana wa mbusa Henry Burrup, onse akupita ku mishoni ya Magomero m'dziko limene lero ndi Malawi. Bishopuyo anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale, pamene Ruo amathira mu Shire, masiku omwewo amene mlongo wake ankafika pagombe. Burrup naye anamwalira patangopita masabata ochepa. Amayi awiriwo anakwera mtsinje ndi chimwemwe, nabwerera ndi maliro. Mayi Mary anaona zonsezi. Anali atayenda ndi amayiwo panyanja, ndipo ankadziwa mapemphero amene anaperekeza ulendo umenewo.

Komabe miyezi itatu imeneyo anali pamodzi ndi amuna awo, ndipo a Livingstone anakumbukira pambuyo pake kuti ankaseka ndi kuseleulana ngati ana. Vuto linali lakuti sitima yawo, Pioneer, inalemedwa ndi zitsulo za sitima ina yatsopano, Lady Nyassa, nikhala ikutitimira mumchenga kumunsi kwa Zambezi m'nyengo imene malungo amaluma kwambiri. Pa 21 Epulo Mayi Mary anadwala. Anawanyamulira m'nyumba ya miyala ku Shupanga, nawagoneka pa matiresi oyalidwa pa mabokosi. Ankasanza chilichonse, ndipo kwinini anawagonthetsa makutu. Dokotala John Kirk anayesetsa, osaphula kanthu. Poona kuti akupita, a Livingstone anawerama n'kuwafunsa mokweza, kuti amve, ngati akutsamira pa Yesu. Mayiwo sanathenso kulankhula. Anangokweza maso kumwamba, ndipo amuna awo analandira chimenecho ngati yankho. Stewart ataitanidwa anapeza munthu uja amene sanaope mkango akulira ngati mwana. Anagwada atatu, Livingstone, Kirk ndi Stewart, napereka mzimu wawo kwa Mulungu. Anamwalira madzulo a Lamulungu, pa 27 Epulo 1862, ali ndi zaka 41. M'mawa mwake anaikidwa pansi pa mtengo waukulu wa mlambe. Pambuyo pake, m'mapepala awo munapezeka kapemphero kakafupi kolembedwa ndi dzanja lawo, kopempha Ambuye kuti awalandire monga analili ndi kuwasandutsa chimene Iye afuna.

Palibe umboni wa pakamwa, palibe nyimbo yotsiriza, palibe zimene timakonda kusimba pa maliro a Mkhristu. Pali maso okwezedwa ndi kapepala. Kwa ena zimenezi n'zochepa. Koma chiphunzitso cha mpingo wathu chinakonzeratu malo a anthu otere, ngakhale sitichiwerenga kawirikawiri. Makolo athu m'chikhulupiriro, pa Sinodi ya ku Dort mu 1618 ndi 1619, anavomereza poyera kuti okhulupirira amalimbana ndi zokayika zosiyanasiyana m'moyo uno, ndipo pa mayesero aakulu samva nthawi zonse chitsimikizo chodzaza. Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, pa funso lake lomaliza lomasulira liwu lakuti Amen, amaphunzitsa kuti kumva kwa Mulungu n'kotsimikizika kuposa momwe mtima wa wopemphayo ukumvera. Kunena kwina, chingwe sichili m'dzanja la womira, chili m'dzanja la woponya. Nalonso Salimo 88 lili m'Baibulo mwathu, pemphero limene limayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima popanda mpumulo, ndipo Mzimu Woyera sanalichotsemo. Wolemba salimolo ankadandaula kuti sakuyankhidwa, koma ankadandaulira Mulungu yemweyo. Kapepala ka Mayi Mary n'kotero.

Zimene zinatsatira iwo sanazione. Robert anakalowa usilikali pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America pogwiritsa dzina lina, navulala, namwalira ali mkaidi mu Disembala 1864 asanakwanitse zaka 19. James Stewart anakhumudwa ndi ulendo wonsewo mpaka mu 1863 anaponya buku la a Livingstone mu Zambezi. Koma ndi Stewart yemweyo amene mu 1874 anakakamiza mpingo wa kwawo kuti uyambe mishoni ku nyanja ya Malawi, ndipo Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875. Kudzera pa khomo limenelo, mbusa A. C. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed anafika natsegula Mvera mu 1889, ndipo patapita zaka 10, mu 1899, Mawu anafika ku Magwero m'dziko la Mpezeni, kumene mpingo wathu unabadwira. Wokhulupirira adzaona dzanja la Mulungu pamenepa. Wosakhulupirira adzati ndi anthu chabe amene anachita khama. Ine ndili mbali yoyambayo, koma sindingayerekeze kuuza mayi amene anaika khanda ku Kolobeng kuti Magwero ndiwo malipiro ake.

Anna Mary, mwana uja anasiyidwa ali ndi zaka ziwiri, anaonana ndi bambo wake koyamba mu 1864, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 1939. Mishoni ya Chitambo kufupi ndi Serenje inatsegulidwa mu 1907 ndi Malcolm Moffat, mwana wa mlongo wawo wa Mayi Mary, amene koleji ya aphunzitsi ya ku Serenje inatchedwa dzina lake. Ana awiri a Anna Mary, dokotala Hubert Wilson ndi mlongo wake Ruth amene anali namwino, anadzatumikiranso odwala pa Chitambo pomwepo.

Mtima wa a Livingstone unakwiriridwa pansi pa mtengo wa mpundu kwa Chitambo, ndipo thupi lawo Susi, Chuma ndi anzawo analinyamula miyezi yambiri mpaka kugombe, likaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874 pakati pa mafumu. Mayi Mary ali pomwe anawasiya, ku Chupanga m'chigawo cha Sofala ku Mozambique, m'mphepete mwa Zambezi, pamene madzi a Kafue ndi a Luangwa amadutsa popita kunyanja.